Kodi bowa ndi chomera? Kuyankha mtsikana wa ku Lizulu

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mtsikana wina wa Fomu 3 yemwe amakhala kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Akuti aphunzitsi atawauza m'kalasi kuti bowa si chomera, madzulo anakawafotokozera agogo ake omwe anali pakhonde kupala dothi pa utale. Agogowo anangoseka, amvekere: "Nanga anati ndi chomera ndani? Imeneyi ndi ndiwo." Tsono iye akufunsa kuti chinthu chomera panthaka mvula ikagwa chinachoka bwanji m'gulu la zomera, komanso kuti maufumu a zamoyo alipo angati, poti buku lina likuti asanu, lina asanu ndi umodzi.

Mwanawe, yamba watenga utalewo m'manja. Utembenuze, uunyeme, ufufuze pobiriwira. Supapeza. Chimanga chimadzikonzera chokha chakudya kuchokera ku dzuwa, madzi ndi mpweya, ndipo chimatha kutero chifukwa cha chlorophyll, chinthu chomwe chimabiriwiritsa masamba. Bowa alibe chimenechi, ndiye amadya zopangidwa ndi ena monga timachitira ife. Tsiku lina ukapita kunkhuni, ukapalase pansi pa masamba ovunda. Ukaona tiulusi toyera tonga thonje titayanga m'dothi. Thupi lenileni la bowa ndi limenelo. Tiulusito timatulutsa timadzi tosungunula masamba ndi mitengo yowola, kenako n'kumayamwa. Chomwe timazula n'kuika m'lichero chili ngati chipatso chabe, chotulukira kunja kudzamwaza timbewu tosaoneka ndi maso. Utale ndiye uli ndi nkhani yakeyake, chifukwa amaulima ndi chiswe mkati mwa chulu, n'chifukwa chake agogo akamaufuna amalunjika kuchulu.

Tikalowa m'maselo kusiyana kumakulirakulira. Khoma la selo ya chomera ndi la cellulose, pomwe la bowa lili ndi chitin, chinthu chomwecho chimene chimalimbitsa khungu la ngumbi, ziwala ndi nkhanu. Mbatatesi imasunga chakudya chake ngati sitachi, koma bowa amasunga glycogen monga chimachitira chiwindi chako. Asayansi atayerekeza DNA, malangizo a chibadwa opezeka m'maselo, anapeza kuti bowa ndi wachibale wapafupi wa nyama kuposa wa zomera. Ine ndikamva amayi akunena kuti bowa wokazinga bwino amakoma ngati nyama, ndimaona kuti makolo athu sanaphonye patali.

Za chiwerengero cha maufumu, mabuku onse awiriwo sakunama, angolembedwa potsata maganizo a nthawi zosiyana. Carl Linnaeus wa ku Sweden mu 1735 anagawa chilengedwe patatu: nyama, zomera ndi miyala. Zamoyo zinali ndi maufumu awiri okha, ndipo bowa, poti sayenda, anamuponya ku zomera. Koma maikulosikopu inali itayamba kale kuonetsa tizamoyo tokana kulowa konsekonse, choncho mu 1866 Ernst Haeckel wa ku Germany anawonjezera ufumu wa Protista. Kenako mabakiteriya anapatulidwa n'kuikidwa mu ufumu wa Monera chifukwa selo yawo ilibe nyukiliyasi, kachigawo ka m'kati mwa selo kosunga DNA. Mu 1969 Robert Whittaker wa ku America ndiye anakhazikitsa asanu aja: Monera, Protista, Fungi (bowa ndi abale ake), Plantae (zomera) ndi Animalia (nyama). Apa mpamene bowa, nkhungu ya pansima yogonetsa ndi yisiti wotupitsa mandasi zinapatsidwa bwalo lawolawo. Wachisanu ndi chimodzi anabwera Carl Woese atapeza mu 1977 kuti Monera muli magulu awiri osiyana kwambiri, mabakiteriya enieni ndi archaea, omwe ena mwa iwo amakhala m'akasupe otentha ndi m'mimba mwa ng'ombe. Mu 1990 iye ndi anzake anaika magawo atatu aakulu pamwamba pa maufumu onse: Bacteria, Archaea ndi Eukarya (zamoyo za maselo okhala ndi nyukiliyasi, monga bowa, zomera ndi nyama).

Ufumu womwe ine sundikhutiritsa ndi Protista. Uli ngati dengu lomwe mayi amaponyamo zonse zosowa pokhala. Kachirombo ka malungo, Plasmodium, kali momwemo limodzi ndi amoeba, koma ubale wawo ndi wakutali zedi. Ndipo pali chitsanzo chomwe alimi a ku Dedza ndi Ntcheu amachidziwa ndi misozi. Chiwawu chomwe chimapsereza masamba a mbatatesi ndi tomato nyengo ya chifunga ndi mvula yamawawa chimayamba ndi Phytophthora infestans, yemweyo anabweretsa njala yoopsa ku Ireland kuyambira 1845. Kwa zaka zambiri ankamuwerengera ku Fungi chifukwa nayenso amayanga tiulusi. Atamupenda bwino anapeza kuti khoma la maselo ake lili ndi cellulose, ndipo abale ake ndi ndere zofiirira za m'nyanja zamchere. Maonekedwe anapusitsa akatswiri omwe. Mavairasi, monga HIV, sali mu ufumu uliwonse mwa asanuwo chifukwa alibe selo ndipo sachulukana popanda kulowa mu selo ya chamoyo china.

Pamayeso lemba zomwe zili m'buku lomwe aphunzitsi ako akutsata, ndipo ukafunsidwa za bowa utchule zifukwa: alibe chlorophyll, amayamwa chakudya, ndipo khoma la selo yake lili ndi chitin. Koma usakatole bowa m'nkhalango ya Dedza podalira kuti wadziwa ufumu wake. Ndelema yemwe timagula m'mbali mwa msewu wa M1 ndi wa mtundu wa Amanita, momwenso muli Amanita phalloides, bowa wowononga chiwindi mpaka kupha. Posiyanitsa wodyedwa ndi wakupha, tsagana ndi agogo ako, uwanyamulire dengu.