Mendulo amaveka, dzina amatcha, mphotho amafupa

FUNSO: Ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Mzuzu. Ana a fomu 3 ndinawauza kuti alembe chimangirizo cha ulemu umene atsogoleri akale a dziko lino analandira. Ambiri alemba kuti Kamuzu "anapatsidwa awadi ya Ngwazi", ena akuti "analandira mphatso ya Ngwazi". Khutu langa likukana, koma ndikufuna chifukwa choti ndikawauze. Kodi mphatso, mphotho ndi ulemu si chinthu chimodzi? (Mphunzitsi wa ku Katoto)

YANKHO: Aphunzitsi, khutu lanu lili bwino, musalipititse kuchipatala. Tulutsani bolopeni yofiira ija. Koma anawo musawakalipire kwambiri, chifukwa "awadi" imeneyi sanaitole kuthengo. Amaimva tsiku ndi tsiku kwa owulutsa mawu amene ulesi unawagwira pakamwa, moti chikho cha mpira ndi awadi, satifiketi ndi awadi, mbuzi ya pa chionetsero cha zaulimi nayonso awadi. Mawu amodzi obwereka akumeza mawu athu anayi kapena asanu, ife n'kumaombera m'manja.

Mphatso imachokera pa kupatsa, ndipo sifunsa kuti mwachita chiyani. Azakhali akakunyamulitsani nkhuku pobwerera ku tauni, simunaigwirire ntchito, angokukondani. Mphotho imayenda pambuyo pa thukuta: munthu wachita kanthu, anthu aona, kenaka amufupa. Mu 1997 mayi Joyce Banda, asanakhale n'komwe phungu, analandira Africa Prize for Leadership for the Sustainable End of Hunger kuchokera ku bungwe la The Hunger Project, pamodzi ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique. Imeneyo ndi mphotho. Chissano yemweyo ndiye anali woyamba, mu 2007, kulandira mphotho ya Mo Ibrahim, imene amafupa nayo atsogoleri akale a mu Africa amene anasankhidwa ndi anthu n'kuchoka pampando nthawi yawo itakwana. Chaka chotsatira anailandira Festus Mogae wa ku Botswana. Ndalama zake ndi madola 5 miliyoni, operekedwa m'zaka 10. Zaka zina oweruza ake amafufuza mu Africa monse n'kubwerako manja lende, osapeza woyenera. Pamenepo ndi pamene mungaonere kuti mphotho si mphatso, chifukwa mphatso siisowa woipatsa.

Za kalembedwe, ine ndimalemba mphotho, h ali pamalo pake, chifukwa ndi momwe agogo anga ankatchulira, mpweya uli wonse. Nyuzipepala zambiri zimalemba mphoto. Mwana akalemba choncho musamuchotsere malikisi, ndewu imeneyo ndi ya ife akuluakulu.

Mendulo ndi mlendo, koma mlendo amene anakhazikika n'kulima munda wake. Ndilibe naye mlandu. Chimene ndimakana n'choti anthu azinena kuti "anamupatsa mendulo" ngati akumupatsira mchere. Mendulo amaveka, monga momwe amavekera msilikali nyota. Ulemu wa boma wotchedwa Order of the Lion, umene Kamuzu anakhazikitsa mu 1967, munthu amachita kuvekedwa, pakhosi kapena pachifuwa, anthu akuona.

Tsopano Ngwazi. Apa ndikhalitsapo, mundikhululukire. Ngwazi si chinthu choti mungachinyamule kapena kuchitsekera m'kabati. Ndi dzina, ndipo dzina amatcha. Tsinde lake ndi kugwaza, kubaya ndi mkondo. Onani mmene kulima kumaberekera mlimi, kusodza n'kubereka msodzi. Chimodzimodzi kugwaza kunabereka ngwazi, munthu amene mkondo wake sunabwerere wouma kunkhondo. M'Chizulu muli ingwazi, tanthauzo lake lomwelo. Anzanga ena amati Achewa anali nawo kale mawuwa Angoni asanafike, popeza kugwaza kulinso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka. Ine sindimva zimenezo. Kugwaza tinali nako, inde, koma kutenga wogwazayo n'kumukweza pamwamba pa anthu onse, kumeneko ndi kaganizidwe ka anthu a chishango, ndipo ndikhulupirira kuti kunaoloka Zambezi ndi Zwangendaba, mfumu ya Angoni, mu 1835. Mawu oti nduna nawonso anabwera pa ulendo womwewo. Inu a ku Mzuzu simufunika kupita kutali kuti mumve kulemera kwa mawuwa, phiri la Hora, kumene Angoni amachitira mwambo wawo, lili pakhomo panu. N'chifukwa chake pamene Bingu wa Mutharika anatchedwa Ngwazi, amene anamutcha anali mfumu ya Angoni, Inkosi ya Makosi M'mbelwa IV. Dzina linabwerera kwa eni ake kuti alipereke.

Ife amene tinaphunzira pulayimale nthawi ya chipani chimodzi tinkaloweza mndandanda wonse: Pulezidenti Wamuyaya, Ngwazi Dr H. Kamuzu Banda. Uwamuyayawo unabwera mu 1971. Amayi a mbumba ankamutcha Nkhoswe, dzina lotengedwa pa mwambo wa Achewa, pamene mwamuna amaimira alongo ake ndi ana awo pa milandu ndi pa maukwati. Pabwalo la mpira mnzathu womwetsa zigoli tinkangoti katswiri kapena dolo. Kumutcha ngwazi pakamwa pankalemera, chifukwa ngwazi inali imodzi m'dziko lonse. Lero aliyense wopambana mpikisano wa bawo ndi ngwazi, ndipo sindidandaula. Mawu amene anakhala zaka zambiri m'nyumba ya munthu mmodzi ayenera kuwongolako miyendo.

Mwaona kuti ndanena "ngwazi inali imodzi". Auzeni anawo kuti ndi ngwazi yathu, osati ngwazi wathu. Mfumu yathu, nduna yathu, nkhoswe yathu, ngwazi yathu: onsewa ndi anthu, koma agwirizanitsi awo ndi a gulu la nyumba ndi mbuzi, ndipo palibe chipongwe pamenepo. Kamuzu yemweyo, asanakhale pulezidenti mu 1966, anali nduna yaikulu kuyambira mu 1963. Wolemba "nduna wamkulu" amenewo ndiye muwadule malikisi opanda chisoni.

Ulemu ndiye denga lofunditsa zonsezi. Mphotho ndi ulemu, mendulo ndi ulemu, dzina ndi ulemu. Mulinso zikumbutso: bwalo la ndege la Kamuzu, chipatala chachikulu cha ku Lilongwe, tchuthi cha pa 14 Meyi, nkhope yake pa K1,000, chiliza chake chimene chinatsegulidwa mu 2006. Zimenezi si za atsogoleri a dziko okha, paja mayi Rose Chibambo a kwathu ku Mzimba ali pa K200. Mwana akasowa mawu enieni, alembe kuti "analemekezedwa", sadzalakwa. Koma chiganizo chimene mukufunacho ndi ichi: Kamuzu anatchedwa Ngwazi.

FUNSO: Agogo anga anamva pa wailesi "Dokotala Bakili Muluzi" ndi "Dokotala Joyce Banda" n'kundifunsa kuti anthu amenewa ankabaya jakisoni kuchipatala chiti. Ndinasowa choyankha m'Chichewa. (Wophunzira wa ku Luwinga)

YANKHO: Mwanawe, agogo akowo afunsa mwanzeru kuposa ambiri olemba nkhani. Kwa iwo dokotala, kapena dotolo monga ankanenera akale, ndi munthu wa mankhwala, basi. Ndipo m'dziko muno tinazolowera choncho chifukwa dokotala woyamba kukhala pampando anali wa mankhwala ndithu. Kamuzu anamaliza maphunziro ake ku Meharry Medical College, ku Tennessee, mu 1937, ndipo anachiza anthu ku Britain ndi ku Ghana asanabwerere kuno mu 1958.

Vuto n'lakuti mawu amodziwa tawasenzetsa katundu wa anthu atatu. Pali dokotala wa chipatala. Pali dokotala wa maphunziro, amene anachita kafukufuku n'kulemba buku lochindikala lomwe ngakhale akazi ake sanaliwerenge. Ndiye pali uja amene yunivesite yangomulemekeza poona ntchito zake, osalemba mayeso. A Muluzi analandira digiri yotereyi ku Lincoln University ya ku Missouri mu 1995, mayi Banda ku Jeonju University ya ku South Korea mu 2013. Si chinyengo, ndi mwambo wakale wa mayunivesite, ndipo amavekanso mkanjo ndi chisoti chimene.

Koma samala potchula. Usanene kuti "dokotala waulemu", chifukwa agogo adzamva kuti ndi dokotala wa khalidwe, uja wopereka moni asanakubaye, ndipo adzafunsa masiku amene amapezeka. Ulemuwo uumate pa chinthu, osati pa munthu: digiri yaulemu, udokotala waulemu. Ukatero palibe wosokonezeka.

Wina anandiuza kuti tithetse zonsezi pobwerera ku sing'anga, popeza Baibulo lakale limamutcha Luka sing'anga. Ndinaseka mpaka misozi. Mawuwa anasamuka kalekale, anakakhala ndi a zitsamba ndi nsupa, ndipo sabwereranso. Tayesa kulemba "Sing'anga Kamuzu Banda" uone makalata amene ungalandire. Nanga kodi wolandira digiri yaulemu azitchedwa Dokotala tsiku lililonse? Kumayiko ena amachita manyazi kutero. Kuno timakonda mayina ataliatali, wolengeza pa msonkhano amatha mpweya asanafike pa dzina la munthu lenileni. Ndasiya kulimbana nazo. Polemba nkhani nena kamodzi kuti udokotalawo ndi waulemu, kenaka atchule mmene amatchulidwira.

FUNSO: Tinene "pulezidenti wakale" kapena "pulezidenti wopuma"? Tatsutsana ku kwaya. (Mayi wa ku Chibavi)

YANKHO: Mayi, onse awiri ndi Chichewa, koma sanena zofanana. Wakale amangonena za nthawi: analipo, pano palibe. Wopuma ali ndi kaulemu kobisa nkhani, ngati kuti munthuyo anatula yekha katundu. A Muluzi anamaliza zigawo zawo ziwiri mu 2004, amenewo kuwatcha wopuma n'koyenera. Koma amene anagonja pa chisankho, monga Kamuzu mu 1994 kapena mayi Banda mu 2014, sanapume, anapumitsidwa ndi ovota. Pamenepo wakale ndiye wolunjika, ngakhale wopuma amakoma m'khutu pa mwambo, mwini wake ali pomwepo.

Komanso kupuma sikutanthauza kuti zatha. A Peter Mutharika anachoka mu 2020, anthu n'kumawatcha wopuma, ndipo mu 2025 anabwereranso pampando. Amene ankati wopuma aja galamala inawayanja osadziwa.

Bingu yekha musamuike m'gulu limeneli. Iye anamwalira ali pa udindo mu Epulo 2012, sanapumepo ntchito, choncho kumulemba wopuma n'kumunamizira. Lembani malemu, ndipo malemu azikhala patsogolo pa mayina ena onse: malemu Ngwazi Pulofesa Bingu wa Mutharika, osati Ngwazi malemu. Amene anaumirira "wopuma" ku kwayako agule fanta.