Bambo ake akuchulutsa madzi mu mkaka wa mwana

Azakhali,

Ndimagulitsa kaunjika mumsika wa Tsoka. Mwana wathu wakwanitsa chaka mwezi wathawu. Ndikamapita ku geni ndimamusiyira mkaka wa m'chitini, koma bambo ake amachulutsa madzi kuti chitini chifike kumapeto kwa mwezi. Wotsala m'botolo amausunga mpaka madzulo. Akutinso mwana wa mano anayi sangadye nsima. Dzulo tinagona osayankhulana.

Mayi wa ku Area 25

Mwanawe,

Bambowo akudandaula za mtengo, ndipo ndikuwamvetsa, koma madzi akachuluka mwana amakhuta osapeza chakudya, thupi n'kumanyentchera. Zimenezi zitheretu lero. Wiritsani madzi, adikire osapitirira mphindi 30 kuti akhale akadali otentha madigiri 70, popeza ufawo umatha kukhala ndi tizilombo. Madzi ayambe kulowa, ufa pambuyo, pa muyezo wolembedwa pachitini. Muziziritse musanammwetse, makamaka ndi kapu, chifukwa botolo limavuta kutsuka. Wotsala akamwa, tayani.

Komatu pa chaka, chitinicho sichofunikanso kwenikweni. Mwana angathe kumwa mkaka wa ng'ombe wowiritsa, ndipo ngati mukuyamwitsa, pitirizani m'mawa ndi usiku mpaka zaka 2. Ndalama ya chitini igule mazira, usipa wosinja, nthochi ndi nsinjiro zothira m'phala la mgaiwa. Nsima yofewa ndi nyemba zopota amadya bwinobwino, katatu kapena kanayi patsiku.

Tsiku la sikelo mupite nawo bambowo, akaone okha mzere wa kulemera kwa mwana m'buku lake.

Azakhali