Marimu a galimoto zing'onozing'ono: mmene timapikulira ndi mmene timadziwira kuti alowa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti muli ndi Vitz imene mukufuna kuisinthira marimu, komanso mwasunga kandalama ndipo mukuganiza zoyamba kumakapikula marimu ku Joni n'kumadzagulitsa kuno. Mukufuna kudziwa mmene ntchitoyi imayendera, ndiponso mmene munthu amadziwira kuti rimu lakutilakuti lilowa pa galimoto yakutiyakuti. Kwa ine mafunso awiriwa ndi limodzi, chifukwa rimu mukangowoloka nalo Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, palibenso zolibweza kushopu. Ngati silinalowe, lasanduka mpando wokhalira pakhonde, ndipo ndalama yanu yagona momwemo.

Chimene chimagwetsa ambiri paulendo woyamba n'chakuti galimoto zodzaza m'misewu ya ku South Africa si zimene zadzaza kwathu kuno. Zathu zambiri ndi zoyendapo kale za ku Japan, zotsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe: Vitz, Passo, Sienta, Fit, Demio, March, Note, Mira. Anzathuwo lamulo lawo sililola kuti galimoto zakale zochokera kunja zizilembetsedwa mwachisawawa, n'chifukwa chake zimene mumaziona ku Durban zimangodutsa, kupita kumayiko ena. Ndiye marimu ambiri m'mashopu mwawo ndi a galimoto zawo, makamaka Polo ndi Polo Vivo. Polo ili ndi mabowo 5 ndipo imamangidwa ndi mabawuti. Vitz ili ndi mabowo 4 ndipo imamangidwa ndi manati. Wogulitsa akakuuzani kuti awa ndiye akuyenda malonda, akunena zoona, koma akunena za msika wake, osati wa ku Limbe kapena ku Biwi.

Nambala yoyamba ndi imene timaitcha PCD. Mukaona 4x100, zikutanthauza kuti mabowo ndi 4, ndipo ali pa mzere wozungulira wotalika mamilimita 100 kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Pa rimu la mabowo 4 kuyeza n'kosavuta: ikani tepi pakati pa bowo limodzi mpaka pakati pa bowo loyang'anizana nalo. Mwayi wathu ndi wakuti tigalimoto tambiri ta ku Japan tili pa 4x100, ndipo ku Joni kuli abale ake: Yaris, yomwe ndi Vitz yomweyo dzina lina, Etios, Hyundai i10 ndi i20, Kia Picanto. Koma si mabowo 4 aliwonse. Ford Fiesta ndi Figo zili pa 4x108. Fiat Uno ndi Palio zili pa 4x98, ndipo imeneyi ndiye yoopsa, chifukwa kusiyana kwa mamilimita 2 diso silikuona. Ine inandigwira zaka zoyambirira. Ndinagula seti yokongola kwa munthu wina wogulitsa zakale amene ananditsimikizira kuti ndi 4x100, ndipo sindinayeze. Titafika kuno, rimu linkalowa mokakamiza, manati n'kumakhala chopendekera. Wokonza matayala wina ankati tingomanga mwamphamvu zikhala, koma ndinakana, pakuti nati yokhala chopendekera imakoka sitadi, bawuti limene natiyo imamangidwapo, mpaka tsiku lina imathyoka galimoto ili paliwiro. Setiyo inakhala m'nyumba nthawi yaitali ndisanapeze wa Fiat. Kuyambira pamenepo sindipita kokapikula popanda vernier, kachipangizo koyezera mamilimita molondola, m'thumba.

Musaiwalenso kuti dzina la galimoto palokha silikwanira. Sienta yakale ija ili pa 4x100, koma imene inayamba kutuluka mu 2015 ili pa 5x100, ngati Premio, Allion ndi Wish. Kasitomala akangoti "ndili ndi Sienta", mufunseni chaka, kapena akutumizireni chithunzi cha wilo.

Nambala yachiwiri ndi bowo lalikulu lapakati, limene limakhala pa habu, chitsulo chozungulira chimene wilo limamangidwapo. Apa ndi pamene pamabisala phindu la wamalonda wodziwa. Toyota zing'onozing'ono, Demio, Swift ndi Passo habu yake ndi mamilimita 54.1. Honda Fit ndi 56.1. Nissan March ndi Note ndi 60.1. Choncho rimu lochotsedwa pa Vitz silingalowe pa Fit ngakhale mabowo anayi aja akugwirizana bwinobwino. Limakakamira pa habu osafika kumapeto. Koma lochotsedwa pa March limalowa pa zonse zitatu, kungoti pamatsala mpata. Marimu atsopano a m'mashopu ambiri amabwera ndi bowo lalikulu dala, kawirikawiri 67.1 kapena 73.1, kuti azilowa pa galimoto zambiri, ndipo mpatawo umatsekedwa ndi timaringi ta pulasitiki kapena ta aluminiyamu. Timaringi timeneti gulani komweko, tambiri, ta 54.1, 56.1 ndi 60.1. Sitilemera, sitidula, koma popanda ito wilo limavuta kukhazikika pakatikati, ndipo kasitomala amabwerera kudzadandaula kuti chiwongolero chikunjenjemera akafika pa liwiro la makilomita 90 kapena 100 pa ola. Adzapita kokabalansa kawiri katatu osasintha, mapeto ake adzauza anzake kuti marimu anu ndi opindika.

Yachitatu ndi offset, imene imalembedwa kuti ET kuseri kwa rimu. Mukatembenuza rimu mupeza zolembedwa ngati 15x6J ET40: kukula mainchesi 15, mulifupi mainchesi 6, ndipo pamene rimu limagunda habu pali mamilimita 40 kuchokera pakati pa rimu kulowera kunja. Nambalayi ikakhala yaikulu, wilo limalowa mkati. Ikakhala yaing'ono, limatulukira kunja. Tigalimoto timeneti timafuna offset yokwera, cha m'ma 40, ndipo Fit ina imafika mpaka 53. Anyamata amakonda marimu akuya aja a ET20 kapena ET25 chifukwa amaoneka aukali, koma pa Vitz tayala limatuluka kunja kwa madigadi, limakhula mukanyamula anthu kumbuyo, limamwaza matope m'mbali monse, ndipo mabeyaring'i sachedwa kutha. Ine pa galimoto zazing'ono sindigula rimu la ET yotsika kuposa 35 pokhapokha munthu ataliitanitsa yekha n'kulipiriratu.

Manati nawo ali ndi nkhani yawo, ndipo ambiri saiganizira. Toyota, Honda, Mazda ndi Daihatsu mazinga ake ndi M12x1.5, pamene Nissan ndi Suzuki ndi M12x1.25. Nati ya Toyota mukaikakamiza pa Note mwaononga sitadi. Komanso pamene nati imakhala pa rimu pamasiyana. Mamagi (marimu a aluminiyamu) enieni a Toyota amafuna nati yafulati yokhala ndi washa, a Honda amafuna yobulungira, pamene a m'mashopu ambiri amafuna yosongoka. Seti iliyonse imene ndagulitsa ndimaonetsetsa kuti yapita ndi manati ake oyenera, ndipo mtengo wake ndimauphatikiza kale.

Tsopano za kukula, pamene ine ndi makasitomala anga timatsutsana kwambiri. Aliyense amafuna rimu la mainchesi 17. Koma rimu likakula, tayala liyenera kuchepa m'mbali kuti wilo lonse likhalebe msinkhu womwewo, apo ayi sipidomita imanama ndipo tayala limagunda mkati. Tengani galimoto ya matayala a 175/65R14: wilo lonse ndi pafupifupi mamilimita 583, ndipo mphira wa m'mbali ndi 114. Mukapita pa 15 mumavala 185/55R15, wilo limakhala 585, mphira 102. Pa 16 mumavala 195/45R16, wilo 582, koma mphira watsala 88 basi. Mphira umenewo ndi umene umalandira dzenje m'malo mwa rimu. Inu mukuidziwa misewu yathu mvula ikadutsa. Amene amayenda ku Ntcheu kapena ku Salima sabata ndi sabata pa 16 kapena 17 amabwera ndi rimu lopindika kapena losweka chaka chisanathe, ndipo matayala opyapyalawo ndi odula komanso sapezeka paliponse. Katundu amene amayenda msanga kwa ine ndi 14 ndi 15, ndipo mwini takisi ndimamulangiza marimu achitsulo, chifukwa chitsulo chikapindika chimawongoledwa ndi hamala, pamene aluminiyamu imang'ambika. Mbali inayo, musachepetse rimu osayesa: 13 pa galimoto imene inabwera ndi 14 kapena 15 ikhoza kugunda kalipa, chitsulo chimene chimagwira mapadi a buleki.

Kumene timagula ndi kuwiri. Atsopano, amene ambiri ndi opangidwa ku China, amapezeka m'mashopu opikulitsa a ku Joni, cha ku Crown Mines ndi Fordsburg, ndipo akale mumawapeza kwa ogulitsa masipeya ngati a mu Jules Street. Koma ngati mukufuna mamagi enieni ochotsedwa pa galimoto za ku Japan, njira ya ku Dar es Salaam imaposa, chifukwa Tanzania imayenda galimoto zofanana ndi zathu. Ku Ilala ndi ku Kariakoo mukatchula Vitz kapena IST palibe amene amadabwa. Njira yake ndi ya Mbeya, Kyela, Kasumulu n'kulowa pa Songwe. Rimu lakale lililonse ndimalitsuka kaye mkati, chifukwa ming'alu imabisala m'fumbi la buleki. Ndimafufuza powotcherera, makamaka ngati lapentedwa kumene mkati mokha. Ndimayang'ana ngati mabowo a manati sanatambasuke, kenako ndimapempha kuti alizungulitse pa makina obalansira ndione ngati silikuvina. Wogulitsa akakana zimenezi ndimachoka. Marimu a ku Japan amakhala ndi chizindikiro cha JWL, ena ndi VIA, chosonyeza kuti anakwanitsa muyezo wa kulimba, koma achinyengo nawo amachidinda, choncho chizindikiro chokha chisakugonetseni tulo.

Kunyamula ndi kumene kumadya ndalama mwakachetechete. Seti ya mamagi a 15 imalemera makilogalamu 30 kapena kupitirirapo, ndipo imatenga malo. Pa basi yochokera ku Joni kudzera ku Harare ndi ku Tete, maseti awiri atatu mukhoza kukambirana nawo olongeza katundu, koma akachuluka ndi bwino kupereka kwa matransipota a malole. Mulimonsemo, rimu lililonse likhale m'katoni yake, nkhope yake yophimbidwa, ndipo musalole kuti awamange awiriawiri chitsulo kukhudzana ndi chitsulo. Kukalika kumodzi pamlomo wa rimu latsopano kumalisandutsa lakale m'maso mwa wogula.

Pa boda, a MRA amawerengera msonkho pa mtengo umene munagulira kuphatikizapo zonyamulira, kenako VAT pamwamba pake. Khalani ndi TPIN, nambala yanu ya msonkho ku MRA, sungani malisiti enieni, ndipo katundu akachuluka gwiritsani ntchito ejenti wovomerezeka. Musanapite, funsani ku ofesi yawo mlingo wa msonkho wa marimu pa nthawiyo n'kuuika m'masamu anu. Ena adzakunyengererani kuti mulembetse lisiti yotsika mtengo. Ofisala amaidziwa mitengo, ali ndi mphamvu yoika mtengo wawo, ndipo katundu akagwidwa chindapusa ndi masiku otayika zimaposa zimene mumafuna kupulumutsa. Mudzamvanso za ndondomeko ya COMESA yopeputsira amalonda ang'onoang'ono. Imeneyo ndi ya katundu wopangidwa m'mayiko a COMESA amene ali pa mndandanda wogwirizana. South Africa si membala, Tanzania inatulukamo mu 2000, ndipo rimu la ku China silikhudzidwa ngakhale mutaligulira ku Lusaka. Chimodzimodzi kuchotseredwa msonkho kwa SADC: kumafuna satifiketi yosonyeza kuti katunduyo anapangidwadi m'chigawo chino, osati kungogulidwamo. Chimene mungapindule nacho ndi kubwezeredwa VAT ya ku South Africa potuluka, ngati mwagula m'shopu yolembetsedwa imene yakupatsani tax invoice yoyenera ndipo mwaonetsa katunduyo pa boda.

Mtengo wogulitsira musamauwerengere pa ndalama imene munagulira, koma pa imene mudzafune kuti mukagulenso seti ina. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo amene anali atagulitsa pangongole pa mitengo yakale anatolera ndalama zosakwana kubwezeretsa katundu amene anatuluka. Marimu si tomato, sawola, koma sathamanganso. Seti ikhoza kukhala miyezi iwiri. N'chifukwa chake ndikuti ulendo woyamba musadzaze katundu wongoganizira. Pezani anthu atatu kapena anayi amene akufunadi, aliyense akutumizireni chithunzi cha wilo, cha nambala za patayala ndi cha kapepala ka pachitseko cha dalaivala, apereke theka, inu muwonjezerepo seti imodzi kapena ziwiri za 4x100 za bowo lalikulu. Ogwirizana nawo abwino ndi okonza matayala, chifukwa munthu wosweka rimu amayambira kwa iwo. Ndipo pogulitsa, kumangitsa kuchitike inu muli pomwepo: wilo limodzi lakutsogolo liyesedwe kaye lisanavekedwe tayala, lizungulitsidwe ndi dzanja, chiwongolero chikhotetsedwe mbali zonse mpaka kumapeto.

Za Vitz yanuyo, yambani mwawerenga kapepala ka pachitseko, chifukwa Vitz zinabwera ndi matayala osiyanasiyana malinga ndi chaka. Ngati panalembedwa 175/65R14 kapena 165/70R14, funani rimu la 15, mulifupi 5.5 kapena 6, 4x100, ET pakati pa 38 ndi 45, bowo la 54.1 kapena lalikulu lokhala ndi ringi, ndi tayala la 185/55R15. Manati amangidwe mopingasa ndi sipanala yoyezera pa 103 Nm, osati kudumphirapo ndi chipaipi, ndipo mukayenda makilomita 50 mpaka 100 mukawakhwimitsenso. Marimu achitsulo amene muchotsewo musawataye. Limodzi likhale sipeya, ndi manati ake akale anayi m'galimoto momwemo, chifukwa atsopanowo mwina sangagwirizane nalo.