Funsani za nyimbo: kaseti, CD ndi MP3 ndizilembe bwanji mu kaundula?

Funso: Akulu, bambo athu anatisiyira makatoni a makaseti, ma CD komanso mbale zakale za pa galamafoni. Ndayamba kuzilemba pa kompyuta mu Excel kuti tidziwe zomwe zilipo, koma ndasokonezeka pa kolamu ya format, yolembapo ngati nyimbo zili pa kaseti, CD kapena china. Chimbale chimodzi ndili nacho pa kaseti, pa CD, komanso nyimbo zomwezo ndinazikopera mu fulashi. Ndilembe kamodzi kapena katatu? (Wowerenga, Ntcheu)

Yankho: Achimwene, mwachita bwino kwambiri osataya makatoniwo, nyimbo zambiri za kuno kwathu za m'ma 1990 zinangotuluka pa kaseti basi ndipo simungazipeze pa intaneti ngakhale mutasaka bwanji.

Vuto lanu likuchokera poti mukufuna kuika zinthu zitatu pa mzere umodzi. Pali nyimbo yomwe inajambulidwa ku studio, pali chimbale chomwe chinatulutsidwa kuti chigulitsidwe, ndiye pali chinthu chenichenicho chomwe mwagwira m'manja. Akaundula akuluakulu a nyimbo a pa intaneti ngati MusicBrainz ndi Discogs amasiyanitsa zimenezi, moti chimbale chikatuluka pa kaseti kenako pa CD amachilemba kawiri n'kuzilumikiza pansi pa dzina limodzi. Nanunso chitani chomwecho, mizere iwiri. Musaone ngati n'kubwereza ntchito, chifukwa kaseti ili ndi Side A ndi Side B ndipo nthawi zambiri nyimbo ankazisanja mosiyana kuti mbali ziwirizo zikwanirane kutalika, pena CD imakhala ndi nyimbo yoonjezera, pena chikuto ndi chaka n'zosiyana, ndiye mukaziphatikiza zonsezi zimasowa.

Za mu fulashizo ndiye ayi, si chimbale chachitatu. Woimba sanatulutse fulashi yanuyo, mwakopera nokha. Ikani kolamu ina ya makope n'kulemba kuti MP3, yochokera pa CD, tsiku lakuti. Format ya digito mumalemba pokhapokha ngati mwini nyimbo anaitulutsadi motero, monga pa Spotify, Bandcamp kapena pa masamba odawunilodera nyimbo. Apa ndi pomwe ambiri amalakwitsa, chilichonse amangolemba MP3 ndipo pakatha zaka palibenso wodziwa kuti nyimbo ija inachokera pa chani.

Pa mbale za galamafonizo ndikupemphani mudekhe, musangolemba kuti vinyl, dzina la pulasitiki yomwe amapangira mbalezi. Lembani kukula kwake, mainchesi 7, 10 kapena 12, komanso liwiro lake lomwe limakhala pa lebulo yapakati paja, 33⅓, 45 kapena 78, kutanthauza maulendo omwe imazungulira pa mphindi imodzi. LP, mbale yoimba nthawi yaitali ya 33⅓, inabwera ndi kampani ya Columbia mu 1948, timbale ting'onoting'ono ta 45 tinabwera ndi RCA Victor mu 1949, pomwe za 78 ndi zakale kuposa pamenepo ndipo zambiri si vinyl n'komwe, ndi shellac, zolemera komanso zikagwa zimasweka. Zimafunanso singano yakeyake. Lembaninso nambala ya kampani yomwe ili pa lebulopo, ndi imene imathandiza kusiyanitsa mbale ziwiri zooneka zofanana. Mawu oti album, single kapena EP akhale pa kolamu yawoyawo, amenewo akunena kuchuluka kwa nyimbo osati chinthu chomwe nyimbozo zilipo.

Funso: Ine ndili ndi ma CD ambiri omwe ndinagula mu msika, ena analembedwa ndi maka pamwamba. Mnzanga akuti amenewa ndi feki ndisawalembe n'komwe. Ndi zoona? (Mayi wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Mayi, mnzanuyo wanena zoona pang'ono koma wafulumira. Tembenuzani CD muone kunsi. Yopangidwa ku fakitale imakhala ya siliva, pomwe yobena pa kompyuta kawirikawiri imaoneka yobiriwira kapena ya buluu ndipo mukayang'anitsitsa mumaona pomwe kubenako kunalekezera. Imeneyo pa format lembani CD-R osati CD.

Koma kukhala CD-R sikutanthauza kuti ndi yakuba. Makwaya ambiri ndi oimba ongoyamba kumene amabena okha n'kumagulitsa ku tchalitchi kapena pa shoo, ndipo chimenecho ndiye chimbale chawo chenicheni, china kulibe. Ndiye mukufunika makolamu awiri, ina ya format, ina yonena ngati ndi yovomerezeka, ya promo yopereka ku mawailesi, kapena yobera. Sitika ya COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo, ikakhalapo lembani kuti ilipo. Ine ngakhale zoberazo ndimati lembani ndithu bola muonetse poyera kuti n'zobera, pena kope lotero ndi lokhalo lomwe latsala.

Chinanso, CD wamba ya nyimbo imatenga mphindi 74 mpaka 80. Mukapeza disiki ili ndi nyimbo zoposa 100 dziwani kuti muli mafayilo a MP3, ndipo ma pleya akale sangaiimbe. Lembani zonse ziwiri, CD-R komanso MP3. Ma CD-R amenewa akopereni msanga, utoto womwe umasunga nyimbo umaonongeka ndi dzuwa komanso kutentha.

Funso: Ndinamva kuti WAV ndiye yabwino kuposa MP3, ndiye ndasintha ma MP3 anga onse kukhala WAV. Mu kaundula ndilembe WAV eti? (Mnyamata wa ku Mzuzu)

Yankho: Aise, lembani kuti WAV yochokera ku MP3, ndipo ma MP3 aja musawafufute. MP3 imachepetsa fayilo potaya mbali zina za mawu zomwe khutu silimva kwenikweni, ndipo zikatayidwa zapita. Madzi a m'kapu mukawathira mu ndowa sachuluka. Mphindi imodzi ya MP3 ya 128 kbps ndi pafupifupi 1 MB, ya WAV ya mulingo wa CD ndi pafupifupi 10 MB, ndiye mwangodzadzitsa memori khadi koma kamvekedwe ndi komweko.

Pa mafayilo a digito lembani zinthu zitatu, mtundu wake, kaya MP3, AAC, FLAC kapena WAV, mulingo wake monga 320 kbps kapena 44.1 kHz ndi 16-bit womwe ndi wa CD, ndiye gwero lake. Gwero ndiye lofunika kwambiri kwa ine. Ngati CD kapena kaseti yoyambirira ikadalipo, koperaninso kuchokera pamenepo molunjika kupita ku WAV kapena FLAC, FLAC sitaya kanthu koma fayilo yake ndi yaing'ono ndi pafupifupi theka. Musunge malo awiri osiyana, kenako MP3 yomvera mu foni mupange kuchokera pa kope labwinolo.