Kwa achimwene ofuna kugula chipper ku Joni

Achimwene, mwati mwagwira ntchito yodula mitengo kwa bwana zaka zingapo, mwasungako kangachepe, tsopano mukufuna kuyima panokha kuno ku Joni. Funso lanu ndi lakuti mugule chipper (makina ogaya nthambi za mitengo) chachikulu cha 12 inch, kutanthauza kunenepa kwa nthambi imene chingameze, chimene wina wagwiritsapo kale ntchito, kapena kakang'ono ka petulo ka m'mashopu a zam'munda. Ine zonse ziwirizi ndikuletsani. Koma poyamba tulutsani laisensi yanu yoyendetsera galimoto muone code yake.

Ngati ndi code B, lamulo la kuno limakulolani kukoka ngolo yosapitirira makilogalamu 750. Kuposa pamenepo pafunika EB. Chipper cha 12 inch, monga Vermeer BC1000XL, chimadutsa matani awiri. Ndi makina abwino, sindikunyoza, koma ndi a munthu amene ali ndi lole ndi anyamata asanu owadyetsa nthambi tsiku lonse. Inu ndi kabaki kanu mudzachikoka bwanji? Ndipo mukafika kumayadi a ku Melville kapena Parkhurst, kumene geti ndi lopapatiza ndipo galimoto zandanda mumsewu, mudzachiimika kutali n'kumanyamula nthambi pamapewa ngati kale lomwe.

Kakang'onoko vuto lake ndi lina. Kalibe ma roller okoka nthambi, mumachita kukankhira ndi manja. Nambala imene amalemba pakatoni, kaya 75 mm kaya 100 mm, amayesera mtengo wowongoka ngati mzati. Nanga jakaranda anawongokapo liti? Nthambi zake ndi mphanda zokhazokha. Mudzaswera ndi chikwanje kusadza nthambi kuti zilowe, manja ali njenjenje ndi kugwedezeka kwa makina, dzuwa n'kulowa mulu usanafike theka. Kameneko ndi ka mwini nyumba wodulira maluwa ake Loweruka.

Chimene ndingakuuzeni kuti mufunefune ndi chapakati, cha 6 inch, ndiye kuti 150 mm, chokhala ndi ma roller a hydraulic. Mukangolowetsa tsinde la nthambi, ma roller amaigwira n'kumaikoka okha, inu muli kale kukatenga ina. Funsaninso ngati chili ndi kachipangizo kamene kamaimitsa ma roller injini ikalemedwa, ena amati no-stress, ena auto feed. Mumamva injini ikutsika mawu, nthambi yaima, injini yakweranso, nthambi yayambanso kulowa. Popanda kameneka malamba ndi klatchi sizikhalitsa m'manja mwa anyamata aganyu. Ndipo musangoyang'ana nambala ya inch, yesani kukamwa kwake m'lifupi. Timberwolf TW 230 ya ku Britain kukamwa kwake ndi 230 mm m'lifupi ndi 160 mm msinkhu, n'chifukwa chake imameza mphanda osasadza, komanso anaipanga dala kuti isafike makilogalamu 750. Kuno kuli Tomcat, yopangidwa ku Worcester, ndi Bandit ya ku America imene ili ndi oigulitsa konkuno. Dzina lililonse limene mungasankhe, funsani kaye kumene mukagule mipeni yake yogayira, malamba ndi ma bearing, ndiponso kuti zimafika pakapita masiku angati.

Mwina muti, nanga zipika zazikulu? Chipika choposa 150 mm si zinyalala ayi, ndi nkhuni. Dulani, wazani, sungani. Ikafika June ndi July anthu adzakufunani okha, makamaka ngati ndi bulugama wouma. Kugaya chimenecho n'kuwotcha dizilo kuti muwononge ndalama.

Pamenepa ndichenjeze chinthu chimodzi chimene ambiri a ife timachinyozera. Kuli kachirombo kotchedwa shot hole borer, kakang'ono ngati njere ya chitowe, mamilimita awiri basi. Anakapeza koyamba mdziko muno mu 2017 ku Pietermaritzburg, ndipo kuno ku Joni kapha mitengo yambiri, makamaka boxelder, English oak ndi London plane. Kamaboola thunthu n'kulowetsamo nkhungu imene imatseka njira za madzi. Mukaona timabowo ngati toboola ndi nsonga ya bolopeni, pena pali madontho onyowa kapena kaufa pakhungwa, mtengo umenewo musagulitse nkhuni zake, mudzakasamutsira kuyadi ina. Malangizo a akatswiri ndi akuti ugayidwe tizidutswa tosaposa 25 mm, kenaka tifunditsidwe pulasitiki padzuwa kuti titenthe. Ndiye poyesa makina, tapani zogayazo m'manja muone kukula kwake. Makasitomala odziwa nkhaniyi amafunsa.

Za disc ndi drum, mitundu iwiri ya chitsulo chozungulira chimene chimanyamula mipeni, anthu amakangana kwambiri, koma pa 6 inch musataye nazo tulo. Chimene ndaona n'chakuti drum imapirira bwino masamba ambiri ndi makwawa a kanjedza. Ngakhale choncho, kanjedza ndi mdani wa chipper chilichonse, ulusi wake umazengereza pa shaft mpaka muzimitse n'kumasomola. Ine kanjedza ndimangokweza m'ngolo.

Ngati mugula chakale, musapite chimanjamanja. Tengani nthambi zanu m'baki, zaziwisi ndi zouma, zamphanda, mukagaye pamaso pa mwini wake. Zogaya zikatuluka zodulidwa bwino ngati tchipisi, mipeni ili bwino. Zikatuluka nyanyalala ngati zotafuna za nzimbe, mipeni yabuntha kapena mpata wa pakati pa mpeni ndi chitsulo chogundirapo, chija amati anvil, wakula. Zimitsani, chotsani kiyi, tsegulani, gwedezani disc ndi dzanja. Ikagwedera, ma bearing atha. Yang'anani ming'alu ndi powotcherera pafupi ndi mipeni, mapaipi a hydraulic ngati akudontha, ndipo mukankhe chitsulo choimitsira ma roller mwadzidzidzi chimene chili pakamwa muone ngati ma roller aimadi. Chikakhala kuti anachimanga ndi waya kuti chisamavute, bwererani kwanu.

Mipeni gulani ma seti awiri tsiku lomwelo, ina ikakhala konoletsa ina ili pantchito. Ine ndinaphunzira ndi misozi. Tinkagwetsa mpanda wa bougainvillea panyumba ina, mkati mwake munali waya wakale wokulungidwa ndi nthambi, sitinamuone. Tinangomva phaa, ngati mfuti. Potsegula, mpeni umodzi unali utabenthuka pakati, ndipo ntchito ya tsiku limodzi inatenga masiku atatu. Kuyambira pamenepo zimene tasesa pansi ndi reki sizilowa m'makina, muli mchenga ndi timiyala.

Anyamata anu muwauze mobwerezabwereza: nthambi ilowe ndi kutsinde, munthu aime chambali, tizidutswa tatifupi akankhire ndi nthambi ina, osati dzanja kapena phazi. Magolovesi okhwepa pamkono ayi. Chingwe chokwerera mumtengo chisayandikire mulu wa nthambi, chifukwa chikakodwa chimakoka munthu msanga kuposa mmene angakuwire. Zotseka m'makutu ndi chipewa chokhala ndi chotchinga kumaso zisasowe.

Ndalama yotsala musathamangire nayo zinthu zazikulu. Kwezani mbali za baki kapena za ngolo ndi mesh, muphimbe pamwamba kuti chipper chiziponyera momwemo. Ngolo yobinuka ndi yabwino mukaipeza, chifukwa kutsitsa zogaya ndi fosholo kumathyola msana. Lona lalikulu lokokera tinthambi, wilibala, foloko, reki ndi blower zikukwanani. Makina ogaya zitsa muzichita kubwereka tsiku limene mwapeza chitsa. Zogayazo musafulumire kukalipira kumtaya, afunseni eni nyumba ngati akufuna zothira m'maluwa, ambiri amavomera.

Musanatulutse ndalama, bwerekani cha 6 inch kwa obwereketsa makina pantchito ziwiri kapena zitatu. Lembani m'kope dizilo amene mwathira, maulendo a kumtaya amene mwapulumutsa, ndi nthambi zingati zimene zinakana kulowa. Mukatero bwerani mutiuze code ya laisensi yanu ndi mtundu wa baki, tikuthandizeni kusankha.