Kodi "alien" tizimutcha mlendo?

Funso: Aphunzitsi, ndimalemba nkhani za sayansi. Ndikamafotokoza za kusaka zamoyo kunja kwa dziko lapansi, mawu akuti "alien" ndiziwalemba bwanji? Mnzanga akuti ndizingoti "alendo ochokera kumwamba".

Yankho: Mnzanuyo wayesetsa, koma mawu akewo asenza katundu amene inu simunawatume.

Munthu akamva "kumwamba" maganizo amathamangira kwa Mulungu ndi angelo. Nenani kuti "mlengalenga" kapena "mapulaneti ena". "Dziko lina" nalonso ndi msampha, chifukwa wowerenga aona munthu wa pasipoti m'manja.

Chosangalatsa n'chakuti si inu woyamba kupunthwa apa. Mu 1977 bungwe la America loona za mlengalenga la NASA linatumiza zombo ziwiri mumlengalenga, Voyager 1 ndi Voyager 2, chilichonse chitanyamula chimbale chokutidwa ndi golide chokhala ndi moni m'ziyankhulo 55. Chinyanja chilimo, ndipo wopereka moniyo anafunsa kuti "muli bwanji" kwa anthu akumwamba. Taonani, anawatcha anthu! Pa moni n'zoyenera, poti sungalonjere chinthu. Koma pa pulaneti la Mars asayansi sakusaka munthu ayi, akusaka zizindikiro za tizilombo tosaoneka ndi maso. Choncho mawu okwanira zonse ndi "zamoyo za m'mapulaneti ena". Mukafuna zoganiza ndi kupanga zida, onjezani kuti "zanzeru".

Tsono "mlendo". Mawu amenewa ndi ofunda. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Timatinso ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Ndi munthu womulandira katundu, wobwera ndi nzeru, wochoka mawa. Koma mu 2010 wasayansi wa ku Britain Stephen Hawking anachenjeza kuti zamoyo zanzeru zitatipeza, zikhoza kutichita zimene zinagwera eni nthaka a ku America atafika Columbus kuchokera ku Ulaya mu 1492. Mukalemba chenjezo limeneli ndi "alendo", mwalichotsa mano. Ine pamenepo ndingalembe "obwera". Obwera sitidziwa ngati adzachoke, ndipo mawuwa amakumbutsa okha za eni malo. "Adani" ayi, kumeneko n'kuweruza mlandu musanaumve.

Simunafunse, koma samalaninso ndi "kulumikizana". Kachidutswa ka -ana kamafuna mbali ziwiri, monga kumenyana ndi kukondana. Zimene anthu achita kufikira lero ndi ziwiri zosiyana. Wasayansi Frank Drake mu 1960 ku Green Bank, ku America, anatchera khutu ndi chida cha wailesi kuti mwina amve uthenga wochokera m'mapulaneti ena, ndiko kumvetsera, ndipo palibe amaopa zimenezo. Mu 1974 ku Arecibo, ku Puerto Rico, anatumiza uthenga pa wailesi kulunjika ku gulu la nyenyezi la M13, ndiko kudziulula, ndipo mkangano uli pamenepa, poti ena amaopa obwera aja. Uthengawo ufunika zaka pafupifupi 25,000 kuti ukafike, yankho zaka zina zochuluka chomwecho. Pakadali pano lembani kuti "anatumiza uthenga", ka -ana kasungeni kaye.