Musanagule geji ina, dziwani ngati giyabokosi ikutenthadi

Achimwene, mwati motorhome yanu, galimoto ya ulendo yokhala ndi pogona, ndi Ford E-450 ya 2002 ya injini ya V10, ndipo geji ya kutentha kwa giyabokosi, imene anaika mwini wake woyamba, ikumalumpha mpaka 240°F makamaka usiku, nthawi zina n'kugwa pansi ngati yafa. Ndiye mukufunsa kuti mugule geji yanji musananyamuke ulendo wa ku Colorado. Ine pempho langa n'lakuti ndalamazo zikhale kaye m'thumba. Choyamba tidziwe ngati geji ikunama kapena oyilo akupsadi, chifukwa giyabokosi ikafera pa chitunda muli ndi ana m'galimoto, mavuto ake ndi aakulu.

Mawu akuti "usiku" aja ndi amene andikoka khutu. Oyilo wa m'giyabokosi ndi malita ambiri, ndipo amatentha pang'onopang'ono, n'kuzizira pang'onopang'ono. Sangachoke pa 180 kufika pa 240 m'kuphethira kwa diso. Muvi ukamalumpha choncho, kawirikawiri vuto limakhala la magetsi. Chitani izi galimoto itaima, injini ikulira: yatsani magetsi akutsogolo ndi fani ya mkati, maso ali pa geji. Muvi ukakwera nthawi yomweyo, ndiye kuti waya wa earth wa gejiyo anaulumikiza pamodzi ndi wa magetsi a pa dashibodi, kapena pamene anaumanga pachita dzimbiri. Kokani waya watsopano kuchoka pa geji kukafika pa injini penipeni, palani chitsulocho chiwale, mumange zolimba.

Kenako lowani pansi, mutamanga handibuleki ndi kutchinga mateyala. Giyabokosi yanu ndi 4R100. Anthu ambiri sensa ya geji amaimanga pa kabowo koyezera pulesha, mbali ya dalaivala, pamwamba pang'ono pa sampu (beseni la oyilo la pansi pa giyabokosi), ka mazinga a 1/8 NPT. Ngati sensayo ili ndi waya umodzi, earth yake imadutsa m'mazinga momwemo. Ndiye yang'anani ngati pali tepi yoyera ya mapaipi a madzi itakulungidwa pamenepo. Tepi imeneyi imatchinga magetsi, ndipo geji imaonetsa kuti oyilo ngozizira pamene sali choncho. Bodza limeneli ndi loopsa kuposa la muvi wokwera, chifukwa limakugonetsani tulo. Tsatiraninso wayayo ndi dzanja mpaka kutsogolo. Pafupi ndi ekizozi ya V10 pamatentha kwambiri, ndipo waya wosupuka akamagunda chitsulo muvi umathamangira kumapeto, akaduka mkati umagwa pansi. Zonse ziwiri mwazitchula.

Kuyesa geji payokha n'kosavuta. Kiyi ali pa ON, zulani waya pa sensa: muvi ugwe. Gunditsani wayayo pa chitsulo kamphindi chabe: muvi ukwere mpaka kumapeto. Ikatero geji ili moyo, wokayikitsa ndi sensa. Imasuleni, muiviike nsonga yake m'madzi owira, thupi lake mutalilumikiza ku earth. Geji iyenera kuonetsa pafupifupi 212°F, kapena kucheperapo pang'ono ngati muli kumapiri. Dziwaninso kuti sensa ya kampani ya VDO pa geji ya kampani ya AutoMeter siiwerenga zoona, ngakhale mazinga atalowa bwinobwino.

Koma chimene ndikufuna muchite kwambiri ndi ichi. Giyabokosi imeneyi ili kale ndi sensa yakeyake mkati, pamodzi ndi masolenoidi, imene kompyuta ya galimoto imawerenga. Nambala yake imatchedwa TFT, ndipo mungaione kudzera pa soketi ya OBD imene ili pansi pa chiwongolero, pogwiritsa ntchito pulogalamu ya pa foni ya FORScan kapena kachipangizo koonetsa manambala ka ScanGauge II. Chenjerani ndi tima ELM327 totchipa ta pa intaneti, tizipangizo tolumikiza foni ku soketiyo. Ford ya chaka chimenecho imalankhula chinenero cha kompyuta chotchedwa J1850 PWM, ndipo tambiri mwa timeneti sitichimva. OBDLink ndiye imagwira bwino. Yendani mphindi makumi atatu wina atagwira foni pambali, muyerekeze TFT ndi geji yanu. Kusiyana pang'ono si nkhani. Koma geji ikati 240, TFT ili pa 185, mwapeza wolakwa.

Nanga zonse zikagwirizana kuti kwatenthadi? Apa ndiye nkhani yasintha. Pa msewu wosalala 170 mpaka 200°F ndi bwino. Pa chitunda chachitali kufika 220 kwa kanthawi sizodabwitsa kwa galimoto yolemera chonchi. Ikadutsa 240, patukani, ikani pa Park, musazimitse injini, kuti pampu ipitirize kuyendetsa oyilo m'kula, chipangizo choziziritsa oyiloyo. Moto wambiri umachokera mu torque converter, imene imalumikiza injini ndi giyabokosi, ikamaterereka isanatseke, makamaka giya ikamangosinthasintha pakati pa 3 ndi 4. Pokwera ku Eisenhower Tunnel pa msewu wa I-70 ku Colorado, kumene msewu umafika mamita pafupifupi 3,400, dinani batani la O/D OFF, loletsa giya ya 4, kunsonga ya ndodo ya giya, injini ilire, musaimvere chisoni. Yezaninso oyilo injini ikulira, itatentha, pamalo osapendekeka. Dontheza pa pepala loyera: akhale wofiira. Akakhala woderako n'kumanunkha ngati nsima yopserera, musinthe pamodzi ndi fyuluta. Thirani oyilo wa Mercon V, amene Ford inavomereza pa giyabokosi imeneyi kuyambira 2006. Mercon LV kapena SP ayi.

Tsono za geji yatsopano. Ine ndingasankhe ScanGauge II yomweyo, muisiye pa dashibodi. Simuboola kanthu, ndipo ionetsanso kutentha kwa injini ndi mphamvu ya batire. Ngati mtima uli pa ya muvi, tengani ya AutoMeter kapena ISSPRO yobwera ndi sensa yake ya mawaya awiri, komanso kanyali kochenjeza, chifukwa pa makona a kumapiri maso amakhala pa msewu. Sensa ikhale yaifupi, yaitali ingagunde zitsulo za mkati. Ena amaiika pa paipi yopita ku kula. Pamenepo imawerenga oyilo wongotuluka mu converter, choncho nambala imakhala yokwera ndiponso yosakhazikika, ndipo ambiri imangowaopseza. Mwina n'kumene yanu ili, yang'anani.

Ngati mukukoka kagalimoto kumbuyo, ndalama yotsalayo ipite ku kula yaikulu ya Tru-Cool kutsogolo kwa radiyeta, ndipo mutsuke tizilombo ndi fumbi zimene zatseka zipsepse za imene ilipo.

Jambulani pamene sensa yamangidwa, mutumize pamodzi ndi manambala a TFT, a pamsewu wosalala ndi a pachitunda. Mutiuzenso ngati kanyali ka O/D OFF kanayamba kaphethirapo kokha, chifukwa kakatero kompyuta yasunga khodi yofunika kuiwerenga musananyamuke.